Beseni Linayambira kwa Laisoni

Ana anga, mwakhala mukundiseka kuyambira muli aang'ono kuti pakhomo pathu zinthu zimayenda chafutambuyo. Nthawi ya chakudya beseni limayambira kwa wamng'ono, ine bambo wanu n'kusamba m'manja pomalizira, m'madzi amene nonse mwasambamo kale. Mkamwini wanga wina anafika pofunsa mayi anu monong'ona ngati mutu wanga ukuyenda bwino. Ndinkangoyankha kuti ndi mwambo wanga. Tsopano popeza ndinapuma pa ntchito ya ulaliki, ndipo maondo sandilolanso kupalasa njinga, ndati ndikulembereni kumene zinachokera. Za ubwana wanga ndidumpha, munazimva kale mpaka kutopa nazo.

Golomoti, zaka zanga zoyamba

Nditamaliza maphunziro a ulaliki ananditumiza ku mpingo waung'ono kumunsi kwa Golomoti, kufupi ndi dambo limene masiku ano kuli sikimu ya mpunga. Nthawi imeneyo ngalande mukuzionazi kunalibe. Kunali bango, udzudzu ndi anthu olima mpunga wawo m'matope. Abwana anga anali abusa Mwale, amene ankayang'anira mipingo ingapo ndipo ankafika kwathu pa nthawi ya ubatizo ndi mgonero basi. Zotsala zonse, maliro, kalasi, kuyendera odwala, kuyanjanitsa mabanja, zinali pamutu panga. Abusawo anali munthu wofatsa, wodziwa Malemba kuposa aliyense amene ndinagwirapo naye ntchito, koma wosamala pakamwa. Mawu awo a tsiku ndi tsiku anali akuti, "Alaliki, kuona maso a nkhono n'kudekha." Ine kudekhako kunkandivuta, osati chifukwa cha kulimba mtima ayi, koma chifukwa ndinabadwa ndi nkhawa. Mayi anu amati ndikhoza kudandaula za mvula ya chaka chamawa ndisanakolole za chaka chino, ndipo sanama.

Zosowa zinali zambiri. Tchalitchi chathu chinali chofolera ndi udzu, ndipo mvula ikayamba ndinkalalikira anthu akusuntha mabenchi kuthawa modontha. Chakumwa cha mgonero chikasowa amayi a mu mpingo ankaphika chidede chofiira chija n'kuthiramo shuga, ngati shugayo wapezeka. Chubu cha njinga chikaphulika ndinkalonga udzu m'tayala n'kumapita kumaliro ndikugwedezeka mpaka mano. Koma chosowa chachikulu chinali ufulu wa pakamwa. Zinali zaka zimene munthu ankayamba wayang'ana kumbuyo asanayankhule, ndipo pa benchi yomaliza pankakhala anyamata achipani amene sankabwera kudzapemphera koma kudzamvetsera. Kuseri kwa mapiri, kutsidya kwa malire, kunali nkhondo, ndipo othawa ankatsika mpaka kwathu kuno atasenza mphasa ndi ana.

M'kalasi yanga ya ofuna kubatizidwa munali mnyamata wina dzina lake Laisoni, mwana wa mayi Nangozo, mayi wamasiye amene ankasesa m'tchalitchi Loweruka lililonse. Anali mnyamata wa nthabwala, wa mawu okoma m'kwaya, wokonda kudya moti anzake ankati mbale ikamuona imanjenjemera. Malamulo khumi ndinkawaphunzitsa mofuula, ine kutchula iwo kubwereza. Tikafika pa lija loti usaphe tinkadutsa msanga, pakuti ndani mwa ana a alimi a mpunga akanapha munthu? Tinkachedwa pa za kuba ndi za chigololo, zimene ndinkaganiza kuti ndizo adzakumana nazo.

Tsiku lina pamsika panafika munthu wamkulu wa m'boma, wochokera m'dera lathu lomweli. Dzina sinditchula, tonse tinkangoti Olemekezeka. Anali mkhristu wa mpingo wathu, ndipo anali mmodzi wa anthu ochepa aja amene akagwirizana chinthu kulikulu, dziko lonse limatsata. Anayankhula bwino za anyamata okonda dziko lawo, ndipo Laisoni anali mmodzi wa amene anakalembetsa usilikali. Patapita nthawi anabwera kudzatsanzika atavala yunifomu, akuti akuwatumiza kutsidya kwa malire kukaperekeza sitima zonyamula katundu wa dziko lathu. Mayi ake anandiyitana kuti ndidzamupempherere. Ndinagwada, n'kutsegula pakamwa ndisakudziwa chopempha. Ndipemphe kuti mfuti yake izilondola? Ndipemphe kuti iziphonya? Ndinangoti, "Ambuye, mubwezereni kwa mayi ake." Pempherolo linali lalifupi moti mayi Nangozo anatsegula maso kuona ngati ndadwala.

Chaka chimene Laisoni anabwerako

Ambuye anamubwezadi, koma osati yense. Anatsika basi pa Golomoti mpunga utayamba kucha, ndipo m'malo molowa m'mudzi anapita kukakhala m'kachisakasa koyingira mbalame m'munda mwa mayi ake. Chakudya ankamuperekera komweko, iye n'kudikira kuti wobweretsayo achoke. Mlongo wake atamupatsa khanda kuti alinyamule, anabisa manja kumbuyo. M'mudzi nkhani inali m'kamwam'kamwa, ndipo mawu amene ankanong'onedwa anali amodzi: chirope. Inu a masiku ano mwina simuwadziwa. Makolo ankati munthu wokhetsa magazi, kaya mlenje wopha nyama yaikulu ngati ntchefu, kaya munthu wopha mnzake, magaziwo amamulowa m'mutu. Maso amafiira, tulo timathawa, mtima umalusa, ndipo sayenera kudya m'mbale imodzi ndi anthu mpaka atasambitsidwa mankhwala.

Ndinapita kukamuona m'mawa wina. Ndinamupeza atakhala pa mzere wa munda, mpheta zikudya mpunga pafupi pomwepo iye osaziyinga. Ndinayamba ndi nkhani za kwaya, ndi za denga lathu lodontha, mpaka anandidula.

"Alaliki, musavutike kuzungulira. Ndinapha munthu."

Ndinayang'ana uku ndi uku, monga mwa chizolowezi cha masiku amenewo, ngakhale tinali pakati pa dambo.

"Anatiwukira pa mlatho," anatero. "Anali ndi mfuti, ankatiwombera. Ndikanachedwa ndikanafa ine. Sindikunama kuti anali wosalakwa ayi. Koma atagwa m'mphepete mwa njanji anafuula kuti mayo ine, m'chiyankhulo chathu chomwechi. Anapempha madzi. Sitima inanyamuka, ine botolo langa lili m'chiuno." Kenako anandiyang'ana. "Inu munatiphunzitsa kuti usaphe. Inu nomwe munandipempherera ndikupita. Ndiuzeni, choona chinali chiti?"

Ndinamuuza zimene ndinaphunzitsidwa, kuti msilikali wolamulidwa si chigawenga, kuti ankateteza anzake, kuti Mulungu amakhululuka. Iye anamvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza.

"Ngati sindinalakwe, akhululuka chiyani?" anafunsa. "Ndipo ngati ndilibe litsiro, bwanji ndikumva fungo lake m'manja mwangamu?"

Ndinabwerera kunyumba ndikukankha njinga, nditayiwala kuti imakwereka.

Masika a chaka chomwecho, bwalo la mpingo

Mayi Nangozo sanadikire kuti ine ndipeze yankho. Anatenga mwana wawo kupita naye kwa mkulu wina wa kumapiri cha ku Mua, amene kale ankasambitsa alenje. Anamusambitsa kumtsinje, zovala zimene anabwera nazo kunkhondo n'kuzisiya komweko. Atabwerako Laisoni anayamba kugona kunyumba, ngakhale kudya ankadyabe payekha. Koma panali wina amene anawaona, ndipo anatsina khutu akulu a mpingo. Lamulo lathu linali lodziwika: mkhristu wopita kwa sing'anga amadulidwa mu mpingo, sadya mgonero, dzina lake n'kulengezedwa pagulu. Ndipo wolengeza zinthu m'tchalitchi ndinali ine.

Bwalo linakumana abusa Mwale alipo. Anayitana mayi Nangozo, iwo n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko, miyendo atatambasula. Mkulu wina, bambo Chisale, munthu woongoka koma wouma, ndiye anatsegula nkhani.

"Mayi, mapanga awiri avumbwitsa. Muli kwa Mulungu kapena muli kwa asing'anga?"

"Ndili kwa Mulungu, bambo," anayankha. "Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwana wanga anabwera ndi magazi. Ndinadikira kuti mpingo umusambitse. Alaliki anapita, anamuuza kuti alibe litsiro. Nanga munthu amene akununkhidwa yekha mungamuuze kuti alibe litsiro? Mukadakhala ndi madzi anu, sindikadakwera phiri."

Bwalo linagamula kuti onse awiri, mayi ndi mwana, adulidwe. Koma panali chinthu china. Lamulungu likubweralo Olemekezeka ankabwera kudzapereka malata ofolera tchalitchi, ndipo anthu awo anali atatumiza kale mawu kuti msilikali wathu wobwera kunkhondo akakhale nawo pa chakudya, anthu amuone. Choncho anagwirizana kuti ndidzalengeze za kudulidwako Lamulungu linalo, alendo atapita. Sabata ino ngwazi, sabata yamawa wodulidwa.

Akulu atabalalika ndinatsala ndi abusa. Ndinawafunsa kuti zikutheka bwanji kuti timudule munthu chifukwa chosamba, pamene chimene chinamudetsacho sitinachitchule n'komwe.

"Alaliki," anatero modekha, "msilikali wopha pa nkhondo atalamulidwa, mpingo sumuyesa wakupha. Dziko lopanda olitchinjiriza limadyedwa. Sitima zija zimanyamula mankhwala a m'zipatala ndi feteleza. Mukufuna aziziperekeza ndani? Angelo?"

"Ndamva, abusa. Koma munthu uja anafa, ndipo magazi ake sanauluke. Ngati sali pa Laisoni, ali pa yani?"

Abusa anadzuka n'kukatseka zenera, ngakhale kunali kutentha kwa kunyanja kuno. Atakhalanso pansi anatsitsa mawu.

"Ali pa omutuma. Ndikudziwa, inunso mukudziwa. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Wolamula nkhondo, ngakhale nkhondoyo ikhale yoyenera, adzawerengera munthu aliyense amene anagwa, wa kuno ndi wa kutsidya yemwe. Mukukumbuka mfumu ija ya m'Malemba imene inaletsedwa kumanga nyumba ya Mulungu chifukwa cha magazi a nkhondo zake. Koma mlandu umenewo si wa bwalo lathu lino. Uli ndi Woweruza wake, ndipo mlandu suola."

"Ndiye malatawo tilandira?"

"Denga likudontha, alaliki. Ndipo inu muli ndi ana aang'ono. Mukufuna akule akufunsa kuti bambo awo anapita kuti?"

Sindiwanena abusa Mwale. Anali ataonapo anzawo akutengedwa chifukwa cha ulaliki umodzi wokha, ndipo ankanditchinjiriza. Koma nkhani ya bwalo sinabisike. Laisoni atamva kuti adulidwa pamodzi ndi mayi ake, anabwerera m'kachisakasa kake n'kusiyiratu kudya. Lachisanu masana mayi wina wogulitsa nkhuni anathamangira kwathu akupuma movutika, akuti wamuona atakhala pa njanji, pa malo okhota paja pamene woyendetsa sitima saona patali. Ndinapalasa njinga ya udzu m'tayala ija ngati yatsopano. Ndinamupezadi, ndipo ndinakhala naye pambali, chitsulo chikunditentha, makutu ali kumpoto kumvetsera sitima.

"Kwa makolo ndasamba, mpingo wandikana," anatero. "Ku mpingo mwati ndilibe litsiro. Mayi anga akulangidwa chifukwa cha ine. Ndiye ndipite kuti, alaliki?"

Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha, kuti adikire Lamulungu. Anandifunsa kuti Lamulungu kuli chiyani. Ndinati adzaona. Zoona zake n'zakuti inenso sindinkadziwa. Anavomera chifukwa cha ulemu chabe, ndipo tinachoka pa njanjipo.

Loweruka ndinapeza mayi Nangozo akusesa m'tchalitchi monga mwa masiku onse, ngati kuti sanagamulidwe. Ndinawapempha kuti mawa adzatunge madzi osamba m'manja alendo. Anatsamira tsache n'kuseka, kuseka kowawa.

"Nditunga, alaliki. Adzayamba kusamba ndi akuluakulu, madzi akadali oyera, litsiro lawo n'kutsikira kwa ana. Nkhondo nayonso ndi beseni lomwelo."

Anapitiriza kusesa. Ine mawuwo ananditsatira mpaka kunyumba.

Lamulungu la malata

Olemekezeka anafika ndi magalimoto, lole ya malata ili pambuyo. Amayi anavina, kwaya inayimba, abusa analalikira za kupatsa. Mlendoyo anayankhula za mtendere, nayitana Laisoni kutsogolo n'kumugwira paphewa, akuti ana otere ndiwo mpanda wa dziko. Anthu anaombera m'manja. Laisoni anayima ngati chitsa, atavala malaya obwereka, maso ali pansi. Ine m'mawa womwewo ndinali nditadziwa chimene ndichite, ndipo ndinkalakalaka wina atandiletsa. Mayi anu ndinawauza tikuvala. Anangoti, "Ndikulongedzereni bulangete?" Masiku amenewo funso limenelo silinali nthabwala, pakuti bulangete ndilo munthu ankapita nalo kundende.

Chakudya chinali pansi pa mitengo ya mango, mpunga wa m'dambo mwathu ndi nyama ya mbuzi. Olemekezeka anakhala pakati, abusa kudzanja lamanja, tcheyamani wa chipani kumanzere, kenako akulu a mpingo, ndipo kumapeto kwenikweni kwa mzere anakhazikako Laisoni. Muyenera kudziwa kuti masiku amenewo kunalibe zothirirana madzi ndi jagi. Beseni linali limodzi, madzi amodzi, ndipo linkayenda motsata ukulu. Kulakwitsa mzere umenewo kunali kutukwana kopanda mawu. Ntchito yonyamula beseni pa alendo otere inali yanga.

Mayi Nangozo anandipatsa beseni lodzaza. Ndinayenda kulunjika kwa Olemekezeka, iwo n'kuyamba kupinda mikono ya malaya. Ndinawadutsa. Ndinadutsa tcheyamani, ndinadutsa bambo Chisale, madzi akutayikira pa nsapato zanga. Nditafika kumapeto ndinagwada pamaso pa Laisoni, ine mphunzitsi wake.

"Samba," ndinatero.

"Alaliki, mwasokoneza," ananong'ona.

"Sindinasokoneze. Samba, ndipo usambe zenizeni."

Anandiyang'ana, kenako analowetsa manja. Anasamba ngati munthu wochokera kokumba manda, kutikita zikhatho, pakati pa zala, mpaka m'zigongono. Pamalopo panali zii, moti tinkamva madzi akulira m'beseni. Amayi amene ankapakula anayima ndi zipande m'manja. Atamaliza ndinadzuka, n'kubwerera ulendo wonse uja, n'kukagwada pamaso pa Olemekezeka ndi madzi omwewo.

Tcheyamani anadzuka. "Iwe, wapenga? Taya madziwo!" Anyamata a pa benchi yomaliza aja anali atayandikira kale. Abusa Mwale anatseka maso, milomo ikugwedera, ndipo ndikhulupirira ankandipempherera.

"Musiyeni," anatero Olemekezeka. Anayang'ana m'beseni. Madziwo anali atada ndi fumbi la m'dambo basi, munalibe china chooneka. Kenako anandiyang'ana ine. "Alaliki, mwambo umenewu ndi wa kuti?"

Ndinayankha ndi mawu aang'ono ngati a mwana. "Pepani bwana. Mwanayu munamutuma ndinu. Wabwera ndi zimene anakatenga kumeneko, ndipo zamulemera yekha."

Ndinkaganiza za inu, za bulangete lija, ndi zoti mwina ndamuwonjezera Laisoni mavuto m'malo momuthandiza. Olemekezeka anatembenuka kuyang'ana kumapeto kwa mzere, ndipo Laisoni kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anadzutsa mutu. Anayang'anana. Kenako munthu wamkuluyo anatsitsa manja ake pang'onopang'ono n'kuviika m'madzimo. Sanasambe ngati mmene anasambira Laisoni ayi. Anangoviika nsonga za zala, n'kuzitulutsa, n'kupukuta pa kansalu kake. Abusa Mwale anatsegula maso, n'kukoka beseni lija, n'kusamba iwonso, mpaka m'mikono. Linayenda choncho mzere wonse. Tcheyamani yekha anakana, akuti anasamba kale.

Mbale zitafika, ine sindinkayang'ana alendo. Maso anga anali kumapeto kwa mzere, kumene Laisoni anayenera kudya m'mbale imodzi ndi bambo Chisale. Mkuluyo anali atayamba kale kudya. Laisoni anakhala manja ali pa maondo. Bambo Chisale, amene sabata yomweyo anagamula kuti adulidwe, anasunthira mbale kwa iye osamuyang'ana, n'kunena mokalipa kuti, "Idya iwe, mpunga ukuzizira." Laisoni anatambasula dzanja n'kutapa. Kuseri kwa mtengo ndinamva mayi Nangozo akulira motsitsa, atatseka pakamwa ndi nsalu.

Mtakataka, ndi zaka zotsatira

Musaganize kuti zonse zinatha bwino. Masabata otsatirawo ndinkadzidzimuka ndi galimoto iliyonse yodutsa pamsewu, ndipo bulangete lija linakhala lomangidwa pafupi ndi chitseko mpaka mvula inagwa. Anandiyitana ku ofesi ya chipani kukafotokoza, ine n'kuumirira kuti ndinangosambitsa alendo m'manja. Palibe lamulo loletsa beseni kuyambira kumanzere, choncho anandikalipira n'kundisiya. Kaya Olemekezeka ndiwo anati asandigwire, kaya ndi abusa anandichonderera, sindinadziwe mpaka lero. Maina a mayi Nangozo ndi mwana wawo ndinakana kulengeza, koma analengezedwabe ndi mkulu wina, ndipo anakhala kunja kwa mgonero mpaka nyengo yawo inatha. Ankabwerabe Lamulungu lililonse, awiriwo, n'kukhala kumbuyo. Malata anakhomedwa, denga linasiya kudontha. Ine sindinakhalitse pansi pake, chifukwa posakhalitsa abusa anandiuza kuti ndasamutsidwira ku kampingo kena kakutali cha ku Mtakataka, kumene inu aang'ono munabadwira. Potsanzikana anandigwira dzanja nthawi yaitali n'kunena kuti, "Nkhono ija, alaliki, mwayiponda." Koma ankamwetulira.

Funso la Laisoni lija ndakhala nalo zaka zonse za ntchito yanga, ndipo sindikunamizeni kuti ndinalimaliza. Sindinganene kuti dziko lisakhale ndi asilikali, pakuti ndinaona othawa nkhondo ndi maso angawa, ndipo ndikudziwa chimene chimachitika kumene kulibe wotchinjiriza. Koma sindinaphunzitsenso lamulo loti usaphe mothamanga, ndipo sindinauzenso munthu wobwera kunkhondo kuti alibe litsiro. Ali nalo, koma si lake yekha. Masiku ano ndikamva pa wailesi atsogoleri akutumiza ana a eni kunkhondo, kuno kapena kumayiko akutali, Baibulo lili m'manja, nkhawa yanga yakale imadzuka. Ndimadzifunsa ngati pali wina pafupi nawo amene adzawabweretsere beseni.

Olemekezeka anamwalira kale. Nthawi zambiri ndimaganiza za nsonga za zala zija, ngati zinali kuvomera kapena kungofuna kuti nkhani ithe anthu adye. Laisoni alipo, ndi mlimi wa mpunga musikimu muja, ali ndi zidzukulu, ndipo kudya kwake kuja kunabwerera. Nditapuma pa ntchito anabwera kudzandiona atanyamula mpunga pa njinga. Tinakhala pakhonde, ndipo ndinamufunsa zimene ndinkaopa kumufunsa zaka zonsezi, ngati sanakhumudwe kuti munthu uja anangoviika zala.

"Ndinaona, alaliki," anatero. "Anatengako pang'ono kwambiri. Koma kufikira tsiku limenelo ndinkayesa kuti munthu wa pa mlatho uja ndinamupha ndekha."

Mayi anu atabweretsa madzi, mdzukulu wanga anathamangira kukayamba, monga mwa chizolowezi cha pakhomo pano. Laisoni anaseka mpaka misozi, n'kusamba pambuyo pake. Ine ndinadikira. Ndinakutumani zambiri pa moyo wanu, ana anga, kumunda, kusukulu, kumatauni kumene muliko, ndipo zina munabwerako nazo zolemera osandiuza. Mukadzabwera pa Khirisimasi musadzavutike kundipatsa beseni poyamba. Ndidzasamba m'madzi anu.